Enid ndi Hotisipoti ya Eni Ake

Enid Gerald anabadwira ku Lungwena, m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira. Bambo ake, a Gerald, anali msodzi wa utaka, ndipo Lamulungu ankaimba besi m'kwaya ya Angilikani. Enid anabadwa akumva bwinobwino. Ali ndi zaka zinayi anadwala matenda oumitsa khosi, n'kugonekedwa m'chipatala milungu itatu. Anatulukamo wamoyo, koma makutu onse awiri atatsekeka. Mawu ochepa amene anali atayamba kulankhula anathothoka limodzilimodzi, moti pofika chaka chotsatira anangotsala ndi liwu lopanda tanthauzo.

Pakhomo anapangana naye zizindikiro zawozawo. Dzanja kukamwa ndiye kuti idya, kuloza ndowa ndiye kuti katunge madzi, kukupiza dzanja ndiye kuti choka apa. Zonse pamodzi sizinkakwana makumi atatu.

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mphunzitsi wina wopuma pantchito anamupezera malo kusukulu ya ana osamva, kutali, kupitirira Blantyre. Kumeneko anapeza ana akukangana, kunenana ndi kuseka, zonsezo ndi manja. Tsiku loyamba lomwelo mtsikana wa ku Luchenza, dzina lake Tiyanjana, anamugwira mkono n'kuyamba kuzungulira naye. Ankaloza kapu n'kumuonetsa chizindikiro chake, kuloza chitseko n'kumuonetsa chake. Apo m'pamene Enid anadziwira kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina. Anakhalako zaka khumi. Anaphunzira chinenero cha manja, kulemba Chichewa pang'ono, ndi kusoka. Zaka zonsezo bedi lake linali loyandikana ndi la Tiyanjana.

Anabwerera ku Lungwena mu 2008 ndi makina osokera opalasa ndi mapazi. Bambo ake n'kuti atamwalira, ndipo mayi ake anatsatira patapita zaka zisanu. Anatsala m'manja mwa mchimwene wake wamkulu, Jenkins, msodzi nayenso, ndi mkazi wake Mariya. Analemberana makalata ndi Tiyanjana kawiri, lachitatu silinayankhidwe, basi n'kutayana.

Palibe amene ankamuda. Jenkins anamumangira kanyumba kuseri kwa nyumba yake, n'kufolera ndi malata. Amayi achisilamu ankamubweretsera nsalu za pa Idi, achikhirisitu mayunifolomu a ana asukulu. Wofuna diresi ankaloza nsalu, kuloza pabondo kapena pakakolo, n'kumapita. Koma anthu akakhala pabwalo n'kuphulika nalo phwete, Enid ankakoka Mariya pamkono kufunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo Mariya ankangogwedeza dzanja kuti palibe kanthu. Sikunali nkhanza. Nkhaniyo akanailongosola bwanji ndi zizindikiro za kudya ndi kutunga madzi? Enid anakhala choncho zaka khumi ndi zinayi, osacheza ndi munthu.

Mu 2022 bungwe lina lothandiza anthu aulumali linaitanitsa msonkhano ku boma. Kunali womasulira m'chinenero cha manja, ndipo nthawi yopuma Enid anamutsekereza pakhomo n'kumufunsa ngati akudziwa Tiyanjana wa ku Luchenza. Bamboyo anafufuza m'foni mwake, n'kulemba nambala kuseri kwa pepala la ndondomeko. Pomaliza aliyense anapatsidwa tabuleti, chifoni chaphwatalala ngati kope. Kunyumba Jenkins anachitembenuza uku ndi uku kufunafuna polowetsera simukhadi, osapaona.

"Atipusitsa awa," anauza Mariya. "Foni yanji yopanda pa simu?"

Tabuletiyo inakhala miyezi inayi m'dengu la zigamba.

Amene anaitulutsamo ndi Asiatu, mlangizi wa zaumoyo amene ankachita lendi nyumba yachitatu kuchokera kwa Jenkins. Achikulire ankamutchula kuti Abiti Yunus, ena onse ankangoti adokotala. Anabwera kudzachepetsetsa yunifolomu yake, ndipo podikira anaona ngodya ya galasi ikusuzumira m'denguli.

"Nanga ichi mwangochisiya m'zigamba?" Asiatu anafunsa Mariya.

"Sichilowa simu, adokotala. Bambo a kunyumba kuno anayesa mpaka anatopa."

"Sichifuna simu ichi. Chimakoka intaneti kuchokera pa foni ya munthu wina, ikakhala pafupi. Amati hotisipoti. Kumsonkhanoko sanawauze?"

"Mwina ananena. Ife kunalibeko."

Asiatu anapita nayo kwawo n'kukaitchaja pa sola. Mawa lake masana anabweranso, n'kutengera Enid pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola la mbuzi, pamene netiweki inkagwira bwino. Anayatsa hotisipoti pa foni yake, n'kulemba pasiwedi mu tabuleti. Watsapu anailembetsa pa nambala ya kafoni ka mabatani ka Jenkins. Enid anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi pepala la kumsonkhano lija, limene ankalisunga m'Baibulo.

Foni inaitana nthawi yaitali. Kenako pagalasi panatulukira mayi wonenepa, wovala duku lobiriwira, atakwinya nkhope kudabwa nambala yachilendo. Anayang'anitsitsa, n'kugwira pakamwa ndi manja onse awiri. Enid anakuwa mokweza mpaka nkhuku zinabalalika. Anatsamiritsa tabuletiyo pa njerwa kuti manja amasuke, ndipo zimene zinatsatira Asiatu ndi Mariya anali asanazionepo. Zala zinkathamanga, nsidze zikukwera ndi kutsika, masaya akufufuma, misozi ikuyenderera, uku akuseka. Mariya anaima chilili ndi lichero m'manja.

"Zaka zonsezi ndimayesa alamuwa ndi munthu wofatsa," anatero. "Kani ndi wolongolola chonchi?"

Kuyambira tsiku limenelo, Asiatu akaweruka kusikelo ya ana ankadzera pa mango paja. Ankakhala pa mpando n'kumalemba malipoti ake, foni ili pamwendo, poti akangotalikira mapazi khumi tabuleti inkaduka. Nthawi zina netiweki inkafooka, chithunzi n'kuuma dzanja la Tiyanjana lili m'malere, ndipo Enid ankadikira chiganizocho ali njo, mpaka dzanjalo litsike. Vidiyo imadya bandulo ngati dzombe, koma Asiatu sanadandaulepo. Enid anamusokera makatani a mazenera onse ndi nsalu ya patebulo.

Tiyanjana sanakwatiwe. Ankakhala ndi mng'ono wake, wakumva, ndipo ankaluka zipewa za ana n'kumagulitsa pamsika. Kumene ankakhalako kunali osamva anzake angapo, choncho ankadziwa zambiri. Enid anali ndi mafunso a zaka khumi ndi zinayi.

"Chaka chija anthu onse anamanga nsalu pakamwa, chinali chiyani?" anamufunsa tsiku lina.

"Sukudziwa? Kunali mliri dziko lonse lapansi. Anthu anafa ambirimbiri, ngakhale kwa azungu."

"Ine ndinasoka tinsalu timeneto mazanamazana. Achimwene anangoloza mphuno n'kutsokomola. Ndinkayesa ndi chifuwa cha kuno kwathu."

Anakambirana za aphunzitsi awo akale, amene anamwalira ndi amene anatsala, za mwamuna amene anafunsira Tiyanjana n'kuthawa abale ake atamuseka, za maloto, za mitengo ya nsalu. Enid ananenepa chaka chimenecho. Mariya ankamupeza akuseka yekha pa makina.

Chapakati pa chaka chotsatira, nkhope ya Tiyanjana inayamba kulowa. Ananena kuti akutaya magazi osaleka, ndipo msana ukumuwawa ngati wasenza miyala. Anapita kuchipatala kangapo ndi mng'ono wake. Dokotala ankalankhula ndi mng'onoyo, mng'onoyo n'kumutukulira chala chachikulu kuti zili bwino.

"Koma sakundiyang'ana m'maso," anatero Tiyanjana. "Mnzako wa zaumoyoyo ali pompo? Muonetse ichi."

Anatsegula buku lake la kuchipatala n'kuliyandikiza pa kamera. Zinali m'Chingelezi cha madokotala. Enid anakodola Asiatu. Asiatu anawerenga, n'kupempha kuti atembenuze tsamba, n'kuwerenganso. Enid anamupatsira pepala ndi cholembera.

Asiatu analemba kuti: "Khansa ya khomo la chiberekero. Yafalikira."

Enid analemba pansi pake: "Achira?"

Si Asiatu amene anayenera kunena zimenezi, ndipo ankadziwa. Koma pagalasi panali mayi akudikira, maso ali tong'o, ndipo panalibenso wina woti amuuze.

"Allah andikhululukire ngati ndikulakwa," anatero chapansipansi, n'kulemba kuti: "Ayi. Mankhwala amene akumwa ndi ochepetsa ululu basi."

Enid anapukuta manja pa chitenje, n'kumuuza mnzake zonse, osabisa kanthu. Tiyanjana anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndimaona nkhope zawo," anatero. "Bola wandiuza. Tsopano tamvera. Uziimba tsiku lililonse. Kuno akundisambitsa, akundidyetsa, koma palibe wondimva. Usandisiye."

"Tsiku lililonse," anayankha Enid.

Anasunga lonjezolo miyezi iwiri. Mu Okutobala Asiatu analandira kalata yomusamutsira ku Chowe. Anayesa kukadandaula kwa akuluakulu ake, koma anamuuza kuti kumeneko kulibe mlangizi ndipo anyamuke sabata yomweyo. Asanapite anakalankhula ndi Che Wadi, mwini golosale ya pamsewu, amene anali ndi foni yaikulu ndipo ankatchajitsa mafoni a anthu.

"Palibe vuto, Abiti Yunus," anatero Che Wadi. "Azibwera ikangotha swala ya masana kumzikiti. Ndi mlongo wathu ameneyo."

Pakhonde la golosale si pansi pa mango kuseri kwa khola. Pamakhala asodzi opuma akusewera bawo, a kabaza odikira anthu, amayi odzagula sopo. Tsiku loyamba anthu anangoyang'ana. Lachiwiri bawo linaima. Lachitatu anamuzungulira. Tiyanjana tsiku limenelo ankalongosola ululu wake, ndipo Enid pomuyankha nkhope inkakwinyika, liwu likutuluka iye osadziwa. Munthu wina m'gulumo anamujambula vidiyo, n'kuikamo nyimbo yovina kuti manjawo azioneka ngati gule. Pofika Lachisanu vidiyoyo inali m'mafoni a gombe lonse.

Jenkins anaionera kugombe komweko, anzake akupatsirana foni uku akugwa nako kuseka. Anafika kunyumba maso ali psu.

"Mwana wa mayi anga asanduke chidole cha pa golosale? Ine ndili moyo?"

"Mnzakeyo akudwala, bambo," anatero Mariya. "Adokotala ananena kuti akudwala kwambiri."

"Akudwala ali ndi abale ake. Ameneyu m'bale wake ndine."

Anapita kwa Enid, n'kuloza kumsewu, n'kupingasa mikono. Enid analemba papepala mwamsangamsanga, koma Jenkins sukulu analekezera sitandade 2, ndipo pepalalo sanalilandire n'komwe.

Mawa lake Enid anapitabe. Anatsamiritsa tabuleti pa kreti ya zakumwa, koma inakana kulumikiza. Anayesanso, inakana. Analowa m'golosale n'kuonetsa Che Wadi. Bamboyo anayang'ana pansi, n'kung'amba kachidutswa ka katoni, n'kulembapo kuti: "Achimwene anu andikaniza. Pepani." Pasiwedi anali atasintha.

Enid anayesa kwa mphunzitsi wina wamkazi wa pa pulayimale. Mayiyo anavomera, koma bandulo yake inali yotsalira, ndipo inatha Watsapu isanatseguke n'komwe. Ulendo wachiwiri anamuona akubwera n'kulowa m'kalasi. Anayesa kwa mkulu wina wopikula usipa, amene anamwetulira n'kumulozera kuchipinda chimene ankagona, Enid n'kuthawa.

Anali ataphunzira potsegula kuti aone mahotisipoti amene ali pafupi. Tsiku la msika ankayenda pakati pa anthu tabuleti ili m'manja, mayina akutulukira pagalasi ndi kuzimiririka, asanu, nthawi zina asanu ndi atatu, lililonse lili ndi kachizindikiro ka loko pambali. Intaneti inali m'matumba mwa anthu omuzungulira, ena omwe anawasokera zovala zimene avalazo. Ankawayang'ana kumaso mmodzimmodzi osadziwa kuti dzina ili ndi la uti. Anthu anayamba kunena kuti mutu wake sukuyenda bwino.

Panatha milungu isanu. Mvula yoyamba itagwa, Enid anadzuka m'mawa Jenkins ali kunyanja, Mariya ali kumunda, n'kumanga tabuleti m'chitenje. Papepala analemba kuti: "Asiatu Yunus, zaumoyo, Chowe." Anakwera matola, n'kumaonetsa pepalalo kwa aliyense, mpaka wa njinga yamoto wina anakwera naye mapiri a ku Chowe. Anamupeza Asiatu dzuwa lili paliwombo, akuyeza ana pa sikelo yopachika mumtengo. Anakhala pa mwala n'kudikira mpaka mwana womaliza.

Asiatu atangoyatsa hotisipoti, tabuleti inalumikiza yokha, poti pasiwedi yake inali isanaiiwale. Mauthenga anayamba kugwa. Panali mavidiyo asanu ndi anayi, ndi uthenga umodzi wa mawu kumapeto.

Mu vidiyo yoyamba Tiyanjana ankaseka. "Uli kuti iwe? Netiweki ya kunyanja yamira?" Mu yachitatu anali chigonere pa mphasa, akunena kuti amusamutsira kumudzi kwa mayi ake. Mu yachisanu sankaseka. "Unalonjeza. Kodi ukuopa kundiona mmene ndaonderamu? Ngati ndakulakwira, nena." Mu yachisanu ndi chiwiri anali ndi funso. "Mufunse mnzako wa zaumoyo. Kumapeto kwake kumapweteka kuposa apa? Ndiuze zoona monga unandiuzira paja." Mu yomaliza foni anamugwirira munthu wina. Manja anali pachifuwa, zala zikungogwedezeka pang'ono, osatha kukwera kufika kumaso. Enid anaibwereza kanayi, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Sanathe kumva chimene mnzakeyo ankanena.

Unatsala uthenga wa mawu uja. Enid anaudina, n'kuona kamzere kakuyenda kuchoka kumanzere kupita kumanja. Anapereka tabuleti kwa Asiatu.

Linali liwu la mayi, lotopa. "Inu amene munkalankhula ndi achemwali anga pa foni, kaya ndinu ndani, kaya wina akumverani uthengawu. Achemwali atisiya Lachiwiri m'mawa, taika Lachitatu. Masiku omalizawa ankangoloza foni. Ife tinkaimba nambala yanuyi, ankayankha ndi bambo wina, osamvana naye. Ndati mudziwe."

Asiatu anayang'ana tsiku la uthengawo. Panali patatha masiku khumi ndi awiri. Analemba zonse papepala, kupatula za bambo woyankha foniyo, n'kumupatsa Enid. Enid anawerenga akuloza liwu lililonse ndi chala. Sanalire pamenepo. Anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'bulauzi, n'kukhala akuyang'ana sikelo ija ikulendewera mumtengo. Amayi awiri amene anatsalira ankanong'onezana kufunsana kuti mlendoyu ndi wa kuti.

Enid anagona kwa Asiatu, n'kubwerera mawa lake. Anapeza pakhomo pali anthu. Jenkins anali atayenda gombe lonse kumufunafuna, mpaka m'mabango. Atamuona anatukula dzanja ngati amumenya, koma Enid anatulutsa pepala lija n'kupatsa Mariya. Mariya analiwerenga mokweza. Jenkins anakhala pansi pa dothi lonyowa.

"Ndiye anali amenewo?" anatero. "Kumabwera foni ya mayi wina, akuti Luchenza, Luchenza. Ine ndimati yasokera. Ndimayesa zonsezi ndi macheza chabe."

Enid anali atalowa kale m'kanyumba kake, ndipo sanatulukemo masiku atatu.

Usipa utagwidwa bwino chaka chotsatira, Jenkins anagula foni yaikulu. Anapita kwa Che Wadi kuti amuphunzitse kuyatsa hotisipoti, n'kubwera kudzaiika pa makina a mlongo wake, iye n'kukhala pakhonde atayang'ana kumbali. Asiatu anali atatumiza manambala a anthu ena osamva a ku Blantyre. Enid anaimbira awiri. Anali achinyamata aulemu, a manja othamanga, a zizindikiro zatsopano zimene iye sankazidziwa. Anafunsana dzina, kwawo, sukulu. Kenako anangoyang'anizana. Sanaimbenso. Jenkins anabwera ndi foniyo masiku ena angapo, Enid n'kumapukusa mutu, mpaka analeka.

Mavidiyo aja sankafuna intaneti, choncho ankawaonera yekha akatopa kusoka, makamaka yomaliza ija. M'nyengo yotentha batire la tabuleti linatupa mpaka kukankha galasi, ndipo tsiku lina sinayakenso. Jenkins anapita nayo ku boma kwa okonza mafoni atatu. Onse anati mtundu umenewo zipangizo zake sizipezeka, ndipo za m'katimo n'zosatheka kuzitulutsa.

Enid akadali ku Lungwena, ndipo akusokabe. Anaondanso, ndipo anthu akaseka pabwalo sakokanso munthu pamkono. Mariya akuti tsiku lina chaposachedwapa anamva makina ataima nthawi yaitali, n'kusuzumira pazenera. Anapeza mlamu wake akulankhula yekha ndi manja, pang'onopang'ono. Pakati pa chiganizo anaima. Anayesa kupinda zala mwanjira ina, n'kupukusa mutu, n'kuyesanso mwina, n'kupukusanso mutu. Panali liwu limene linamuthawa, ndipo m'mudzi monsemo munalibe woti amufunse. Anakhala choncho kanthawi, manja ali m'mwamba. Kenako anawatsitsa, n'kutenga kabudula wa mwana wasukulu amene anali pamwamba pa mulu, n'kuyamba kupalasa makina.